Mwatitha ndi Njuchi za mu Mtsuko

Kalekale, agogo a agogo anu asanamere mano, padali mudzi wina patsinde pa phiri. Dzina la mudziwo lidapita ndi eni ake. Chidatsala ndi nkhani yokha, ndiye khalani pansi bwino, ana inu, mumve.

Phirilo lidali la mitengo yokhayokha: misuku, miwanga, mitondo, mombo. M'mphako za mitengoyo munkakhala njuchi. Ukadzuka m'mamawa, tchire lonse linkangoti wuu, ngati mvula ikubwera patali. Anthu adalizolowera phokosolo mpaka sankalimvanso.

M'mudzimo mudali akazi awiri a bere limodzi. Wamkulu adali Mwatitha, wamng'ono Lekeleni. Mwatitha adali wamasiye. Mwamuna wake adamwalira, ana ake n'kutsatira, iye n'kutsala yekha. Munda wake udali kutali, kuseri kwa phiri, pamalo a miyala amene aliyense adawakana. Lekeleni adali ndi khanda kumsana, ndipo mwamuna wake adali Kaliwo.

Kaliwo adali mkamwini wochokera kutali. Khasu silinkamuyanja. Iye akadali pamzere woyamba, anzake amakhala atafika kale kumapeto kwa munda. Akuchikazi ankamuseka kuti adangobwera kudzathandiza kutha chakudya. Koma padali chinthu chimodzi chimene ankaposa nacho onse: kufula njuchi.

Kafulidwe kake kadali kotere. Akapeza mphako, ankayatsa muuni wa udzu n'kuulowetsa m'kati. Njuchi zinkapsa n'kumayoyokera pansi ngati makala. Mphako ikakhala pamwamba, ankagwetsa mtengo wonse. Ankachotsa malesa onse, a uchi ndi a ana omwe, osasiyako ngakhale kachidutswa. Akafika m'mudzi ndi mphika wodzaza, omuseka aja ankamuyalira mphasa n'kumamutcha mwamuna weniweni. Kaliwo zidamukomera. Amuna ena nawo adatengera. Lero mtengo uwu, mawa mtengo uwo. Lero mphako iyi, mawa mphako iyo. Muuni ukagwera paudzu wouma ankangousiya, moto n'kukwera phiri lonse, maluwa a mitengo n'kufota asanamasule bwino.

Mwatitha adamuchenjezapo mlamu wakeyo kuti azisiyako zina. Kaliwo adaseka, nati njuchi zili ngati mchenga wa mumtsinje, palibe angazithe.

Tsiku lina m'chilimwe, dzuwa likuswa mtengo, Mwatitha adali kusosa kumunda kwake. Phiri linkafuka utsi kuyambira dzulo lake. Pafupi ndi chulu cha kumalire kwa munda adaona chinthu chakuda chitalendewera panthambi ya mpoza. Atayandikira adapeza kuti ndi njuchi, zagwirana zokhazokha, zathawa moto. Zidali zolefuka. Zina zidali pansi, mapiko atapserera, zikungozungulira pafumbi.

Adaima pamenepo nthawi yaitali. Iye ankadziwa mmene zimawawira nyumba yako ikatha, iwe n'kutsala panja. Adapita kumsasa wake wa kumunda n'kukatenga mtsuko wakale wobenthuka kukamwa. Adautchera pansi pa nthambi ija, n'kugwedeza pang'onopang'ono mpaka njuchi zidagweramo. Zina zidamuluma padzanja. Sadathawe. Adaugoneka mtsukowo cham'mbali pakati pa ziyangoyango za pachulu, pamthunzi, n'kutchinga kukamwa kwake ndi khungwa, kungosiya kabowo kotulukira.

Kuyambira tsikulo Mwatitha adakhala ndi ntchito. Mitsinje idali itaphwa, choncho ankasenza madzi kuchokera kuchitsime cha kumudzi n'kukathira m'phale. M'phalemo ankaikamo timitengo kuti njuchi zizitera pomwa, zisamire. Adalambula udzu wonse kuzungulira chulu kuti moto usafikepo. Adawaza phulusa kuti linthumbu lisakwere. Mitengo ya maluwa imene idali m'mbali mwa munda sadaidulenso. Ndipo akamathira madzi ankaimba chapansipansi:

Khalani, alendo, khalani,
Moto wapita kutali,
Madzi ali m'phale,
Khalani, alendo, khalani.

Sadauze munthu. Ngakhale Lekeleni sadamuuze, pakuti pakamwa pa Lekeleni ndi khutu la Kaliwo zinkagona pamphasa imodzi.

Mvula idagwa, anthu adabzala. Koma chaka chathacho sadakolole bwino, ndipo nkhokwe zidatha chimanga cha m'munda chisanamasule. Izi sizidali zachilendo. Miyezi yoteroyo anthu a m'mudzimo ankapulumukira maungu. Choncho onse adayang'ana kumaungu.

Maungu adayanga bwino. Masamba adali ngati malichero. Maluwa adamasula, minda yonse chikasu chokhachokha. Koma kadzungu kakangofika ngati dzira la nkhuku, kankasanduka kachikasu n'kuthothoka. Mawa lake kena, mkuja kena. Nkhaka chimodzimodzi. Mphonda chimodzimodzi. Anthu ankayenda m'mizere akutukula masamba, n'kumapeza tizinthu towola tokhatokha. M'mamawa kuminda kunkangoti zii, koma palibe adafunsa kuti phokoso lija lidapita kuti. Adadya nkhwani m'mawa, nkhwani madzulo, mpaka ana adayamba kufiira tsitsi.

Kuseri kwa phiri, m'munda wa miyala uja, maungu adali mbwee.

Mwatitha sadadye yekha. Ankadzaza dengu, n'kusenza kuzungulira phiri, n'kukatula kwa mng'ono wake. Ena ankagawira makomo oyandikana. Masiku oyamba anthu ankalandira ndi manja awiri. Kenaka kuchitsime kudayamba manong'onong'o. Nthaka yabwino ili kuno, maungu akukana. Miyala ili uko, maungu akubereka. Zimenezi zidayamba zachitikapo? Wina adati Mwatitha akukawa, ndiko kukoka zokolola za anzako ndi mankhwala kuti zikaberekere m'munda mwako. Mayi wina amene adapita kuseriko kukatola nkhuni adati adamuona ndi maso ake atagwada pachulu, akuthira madzi, akuimbira chinthu chobisika m'ziyangoyango.

Poyamba Lekeleni ankawakalipira. Koma mkaka wake udayamba kuuma. Khanda lija lidasiya kulira mokweza, linkangotsegula kukamwa. Ndipo amayi aja adamuuza kuti aganize bwino: munthu amene adaika ana ake onse m'manda angakondwe kuona mng'ono wake ali ndi mwana kumsana? Mawu amenewa adamulowa ngati minga. Tsiku lotsatira Mwatitha atabwera ndi dengu, Lekeleni adagubuduzira maunguwo panja n'kutseka chitseko. Kenaka adauza mwamuna wake kuti apite akaone chimene chili pachulu paja.

Kaliwo adalawirira m'mamawa. Asanafike n'komwe pachulu, adaima. Khutu la wofula njuchi silisokera. Adamva kung'ung'udza kuja kumene sadakumve miyezi yambiri. Adapatula ziyangoyango n'kuona mtsuko, njuchi zikulowa ndi kutuluka pakabowo. Fungo la uchi lidamufika, m'mimba mwake n'kulira. Adathamangira kumsasa, adasolola udzu wouma padenga, n'kuuyatsa pachikuni chimene chinkanyeka pamoto wa Mwatitha. Pobwerera adapeza mwini wake atakhala pansi, msana wake utatchinga kukamwa kwa mtsuko.

"Alamu, zimitsani motowo," adatero Mwatitha.

"Mwana wanga akutha ndi njala, inu mukubisa uchi m'tchire?"

"Zimitsani kaye. Ndikuonetseni chinthu. Mukachiona, mukafuna mudzayatsanso."

Udzu unkanyeka kuyandikira zala za Kaliwo. Mwatitha sadasunthe. Kuti Kaliwo afike pamtsuko, adayenera kuyamba watentha mlamu wake. Adayang'ana moto, adayang'ana mayiyo, kenaka adaukanikiza muuniwo padothi lonyowa.

Mwatitha adamutengera pamaungu n'kumuuza kuti anjute. Adamuonetsa kuti maluwa a dzungu ali mitundu iwiri. Lina limakhala pakamtengo kowonda. Lina limakhala ndi kadzungu kunsi kwake. Ali chiyang'anire, njuchi idatera pa loyamba lija n'kulowa. Idatuluka thupi lonse lili mbuu ndi ufa wachikasu, ngati yagubuduka mulichero. Idauluka pang'ono n'kulowa m'duwa la kadzungu lija. Mwatitha adati wakhala akuziyang'ana chiyambire mvula. Duwa limene njuchi yalowamo, dzungu lake limakula. Limene lamasula tsiku la mvula, njuchi zili m'nyumba, dzungu lake limagwa. Kenaka adafunsa:

"Kumunda kwanu mudazimva liti komaliza?"

M'mutu mwa Kaliwo munkangobwera mitengo, wina pambuyo pa unzake, ikugwa.

Mwatitha adatenga chikuni chofumbwa chofuka utsi wokha, adauzira pang'ono pakamwa pa mtsuko, njuchi n'kufatsa. Adadula lesa limodzi la kumphepete, adalikulunga m'tsamba, n'kumupatsa kuti Lekeleni akadye, mwina mkaka n'kubwerera. Ndipo adamupempha kuti asakauze munthu. Adati mudzi wanjala ukamva za mtsuko wa uchi, sulola dzuwa kulowa mtsukowo uli wamoyo, ndipo njuchi zimenezi mwina ndi zomaliza paphiri lonse.

Kaliwo adabwerera kwawo. Adauza mkazi wake kuti pachulu palibe kanthu, ndipo uchiwo waupeza m'kamphako kena kutali. Sikuti adangosunga pempho la mlamu wake ayi. Adali ndi mantha. Ankadziwa kuti anthu akamva kuti njala yadza chifukwa njuchi zidatha, adzafunsa amene adazitha. Ndipo mkamwini alibe m'bale womuimira pamudzi wa eni.

Sipadapite nthawi, pakhomo lina padamwalira mwana. Atabwera kumanda anthu sadabalalike. Akuluakulu a mudzi adakhala upo, natuma anthu kukaitana munthu wa mwavi kutsidya la mtsinje. Mwavi, ana inu, ndi khungwa la mtengo wa ululu. Kale munthu akamuganizira ufiti ankamumwetsa. Akasanza ankati alibe mlandu. Akapanda kusanza ankafa pomwepo, ndipo ambiri ankafa.

Tsiku lake litafika adamugwira Mwatitha kumunda n'kubwera naye pabwalo. Mudzi wonse udali pomwepo, anthu owonda, maso atalowa m'kati. Wamwavi adakhala pambali akusinja khungwa lake mu kamtondo. Gu, gu, gu.

Akuluakulu adamufunsa chimene amasunga pachulu. Mwatitha adati palibe chopweteka munthu. Adamuuza kuti ngati zili choncho atchule dzina lake. Mwatitha adayang'ana amuna amene adaima kumbuyo, manja awo ozolowera miuni, n'kukhala chete. Adamufunsanso. Adakhala chete.

Pamenepo Lekeleni adaimirira, khanda lili lende kumsana.

"Akulu anga, tidayamwa bere limodzi. Bwezani maungu athu. Ana anu adapita, ndisiyireni wangayu."

Mwatitha adatseka maso ngati wamenyedwa. Atawatsegula adayang'ana Kaliwo kamodzi kokha. Kaliwo adayang'ana pansi.

Wamwavi adasungunula ufa wake m'madzi, madziwo n'kufiira. Adathira m'chikho. Adampatsa Mwatitha. Iye adalandira ndi manja awiri, monga mmene munthu amalandirira madzi pakhomo la eni. Chikho chidanyamuka. Chidafika pachifuwa. Chidafika pachibwano.

"Asamwe."

Anthu adacheuka. Adali Kaliwo. Adali ataimirira.

"Pachulu paja pali njuchi, mu mtsuko. Ndidaziona. Maungu a alamu akubereka chifukwa kuli njuchi. Athu akugwa chifukwa kuno kulibe. Ndipo kulibe chifukwa ndidazitentha ndine. Inu mudadya uchiwo, koma moto udali wanga."

Bwalo lidasokonekera. Ena adati mkamwiniyo akunama kuti apulumutse mlamu wake. Ena adati adyera limodzi mankhwalawo. Koma ambiri adangomva mawu amodzi okha: uchi. Amuna ena adayamba kale kusolola udzu pamadenga. Mwatitha adaika chikho pansi n'kugwira kumaso. Chimene ankaopa chija chidali chitafika.

Kaliwo adathamanga n'kukaima panjira yopita kuphiri, manja atatambasula. Adalankhula mofulumira. Adati uchi wa mu mtsuko umodzi sungakhutitse ngakhale makomo a mbali imodzi ya mudzi, ndipo ukatha watha. Adapempha kuti amulole akatenge mtsukowo adzauike m'munda mwake, pakati pa minda ya onse, pomwe dzungu ngakhale limodzi silidakulepo. Mwezi udali wathunthu masiku amenewo.

"Mwezi uwu ukafa maungu akugwabe, chikho chimenecho tidzamwa awiri. Ndidzayamba ndine."

Akuluakulu adanong'onezana. Adaona kuti palibe chimene ataye podikira. Adalamula kuti pasapezeke wokhudza mtsukowo mpaka mwezi ufe, ndipo wamwavi akhale m'mudzi momwemo. Mwatitha adauza mlamu wake chapansipansi kuti njuchi zikasamutsidwa nthawi zina zimakana malo n'kuthawa zonse. Kaliwo adati akudziwa. Njira ina padalibe.

Adadikira dzuwa lipendeke, njuchi zonse zilowe. Mwatitha adamanga kukamwa kwa mtsuko ndi nsalu yakhungwa, Kaliwo n'kusenza. Mtsuko unkalira paphewa pake ngati ng'oma. Njira idali yoterera. Adatsika phiri bwinobwino, phazi ndi phazi. Koma powoloka kamtsinje mwala udagubuduka, Kaliwo adagwada m'madzi, nsalu ija n'kumasuka mbali imodzi. Njuchi zidakhuthukira kumaso kwake. Zidamuluma m'zikope, m'milomo, m'khosi, m'makutu. Munthu wina aliyense akadauponya mtsukowo. Kaliwo adaukumbatira. Adalumitsa mano, ali chigwadire m'madzi, mpaka Mwatitha adavula nsalu ya paphewa pake n'kutseka pobowokapo. Ankamanga akuimba:

Khalani, alendo, khalani,
Moto wapita kutali.

Pofika kumunda maso a Kaliwo adali atatsekeka. Mwatitha ndiye ankamutsogolera atamugwira chigongono. Adauika mtsuko pamphanda ya mtengo wa pakati pa munda, n'kutsegula kabowo.

M'mawa mwake kudadza mvumbi.

Mvula idagwa tsiku lonse, yosaleka. Mawa lake chimodzimodzi. Mkuja wake chimodzimodzi. Njuchi sizituluka pamvula. Maluwa ankamasula m'mawa, n'kudzaza madzi, n'kuwola. Timaungu tinkagwabe. Mitambo ikang'ambika pang'ono, anthu ankaona kuti mwezi wayamba kudyeka mbali imodzi. Wamwavi adayanika khungwa lake pakhonde pomwe aliyense ankaliona podutsa.

Kaliwo ndi Mwatitha adamanga kamsasa patsinde pa mtengo uja n'kumakhala pomwepo. Njala idali itakula, ndipo lamulo la akuluakulu silikhutitsa. Amuna ankabwera ngati akungodutsa, n'kumazungulira munda, maso ali pamphanda. Kaliwo sankaona, koma ankamva mapazi m'matope. Ankakhala tsonga, nkhwangwa yake ili pamiyendo, n'kumatchula dzina la aliyense pomva kutsokomola kwake. Wotchulidwayo ankabwerera mwamanyazi. Mwatitha ankaika khutu pamtsuko m'mawa uliwonse. Phokoso lidalimo, koma linkachepa.

M'mawa wina mvula itadukiza pang'ono, Mwatitha adaona mzere wakuda ukutuluka m'udzu. Lidali linthumbu. Lidali lambiri, mzere wake wonenepa ngati dzanja, ndipo lidalunjika patsinde pa mtengo. Linthumbu likalowa mumng'oma silisiya kanthu. Phulusa limene adawaza lidali litakokoloka kale. Moto wa mumsasa udali utazima ndi kudontha kwa denga. Mwatitha adayamba kulisesa ndi nthambi, koma likasesedwa apa linkatulukira apo. Lidamukwera m'miyendo. Kaliwo ankapondaponda osaona pomwe akuponda. Mwatitha adakuwa kwa anthu amene adaima m'mphepete mwa munda kuti amuthandize phulusa lamoto.

Palibe adasuntha. Ena ankaopa kuthandiza mfiti. Ena mumtima ankati njuchi zikathawa, uchi utsala.

Linthumbu lidafika patsinde. Lidayamba kukwera.

Kenaka munthu wina adadutsa pakati pa anthuwo akuthamanga chowerama. Adali Lekeleni, khanda kumsana, m'manja atanyamula phale lodzaza phulusa la pamoto pake, makala akadali ofiira. Phalelo linkamuotcha zala koma sadalitule. Adathira kuzungulira tsinde. Adathira pamzere wakuda uja. Adathamanga kukatenga lina. Pobwera kachiwiri amayi ena adamutsatira ndi mapale awo. Linthumbu lidabalalika n'kubwerera m'udzu. Limene lidakwera kale Mwatitha adalipulula ndi manja.

Akazi awiriwo adaima moyang'anana, akupuma mwawefuwefu. Lekeleni adatola phale lake n'kubwerera kunyumba.

Mwezi utatsala ngati chibenthu cha chikho, kudacha kopanda mtambo. Dzuwa litangofunda, njuchi imodzi idatuluka pakabowo. Kenaka ina. Kenaka zidatuluka zambiri nthawi imodzi, n'kuyamba kuzungulira mtengo. Zidazungulira, zidakwera, zidazungulira, zidakwera, mpaka zidapitirira nsonga za mitengo n'kuzimirira.

Wina m'gulu la anthu adati zathawa. Kaliwo adafunsa mlamu wake ngati n'zoona. Diso lake limodzi lidali litayamba kutseguka, koma linkangoona chifunga. Mwatitha adati sakudziwa. Adakhala pansi onse awiri. Wamwavi adafika naye n'kuima kumbuyo kwa anthu.

Adadikira. Mthunzi wa mtengo udafupika.

Kaliwo ndiye adayamba kumva. Adakweza dzanja kuti anthu akhale chete. Pansi pa masamba a maungu, chapafupi ndi phazi lake, padali kung'ung'udza. Mwatitha adatukula tsamba. M'duwa mudali njuchi, yambuu ndi ufa wachikasu. Idatuluka n'kulowa m'duwa lina. Anthu adayamba kuwerama m'mizere, aliyense payekha, akuluakulu omwe. Uyu adapeza yake, uyo yake. Pamtsuko zidayamba kutera zobwerera, miyendo italemera.

Komabe duwa si dzungu. Kaliwo adazika timitengo pafupi ndi timaungu timene njuchi zidalowa m'maluwa ake, ndipo m'mawa uliwonse mudzi wonse unkabwera kudzaona. Tidafika ngati dzira la nkhuku, msinkhu umene tinkagwera. Mawa lake tidali tobiriwirabe. Mkuja wake tidali ngati chibakera. Mwezi udatsala ngati chikhadabo, ndipo dzungu lina lidali litafika ngati mutu wa khanda. Minda yoyandikana nayonso idayamba kugwira. Munthu wina amene adapita kuseri kwa phiri adabwera ndi mawu akuti kwa Mwatitha, komwe njuchi zidachoka, timaungu tatsopano tayamba kugwa.

Wamwavi adamanga khungwa lake m'thumba n'kuwoloka mtsinje osatsanzika.

Mudzi udapulumuka. Khanda la Lekeleni lidayambanso kulira mokweza mpaka kusowetsa anthu mtendere, ndipo palibe adadandaula. Anthu adapangana pabwalo kuti moto usadzalowenso m'mphako. Wofula azifula ndi utsi wokha, atenge malesa a kumphepete, a ana asiye. Mtengo wa njuchi usagwetsedwe. Chilimwe chikamayandikira azilambula njira kuzungulira phiri kuti moto usakwere, ndipo pakhomo lililonse pazikhala phale la madzi lokhala ndi timitengo. Kaliwo adabwerera kumitengo imene adagwetsa ija. Adadula zigawo za mphako, adazitseka mbali zonse kusiya kabowo, n'kuzipachika m'mitengo yamoyo. Diso lake lamanzere silidatsegukenso bwino mpaka ukalamba.

Akuluakulu adapita kwa Mwatitha ndi nkhuku yopepesera. Adamuuza kuti asankhe munda uliwonse wa pafupi ndi mudzi. Iye adathokoza, nkhuku adalandira, koma za munda sadayankhe. Adadikira. Mitengo ya paphiri itaphukanso, njuchi za mu mtsuko zidachuluka n'kugawikana. Gulu lina lidatuluka n'kukalowa mumng'oma umodzi wa Kaliwo. Ataona kuti zakhazikika, Mwatitha adamanga kukamwa kwa mtsuko wake, adamanga mphasa ndi miphika, n'kuuyamba ulendo wa kuseri kwa phiri, kukamanga nyumba kumeneko.

Lekeleni adamuthamangira n'kumupeza pakamtsinje. Adagwada m'mchenga. Adalira, adapepesa, adapempha mkulu wake kuti asachoke. Mwatitha adatula katundu n'kumudzutsa.

"Iwe ndidakukhululukira tsiku limene udapsa zala ndi phale. Koma bwalo lija ndikamadutsapo, manja anga amamvabe kulemera kwa chikho. Sindingagone pafupi nalo."

Adasuzumira kumsana kwa mng'ono wake, n'kugwira kaphazi ka mwana.

"Akayamba kuyenda, ubwere naye. Njira ukuidziwa."

Adasenza mtsuko wake n'kuwoloka. Lekeleni adaima kutsidya lino mpaka mkulu wake adabisika m'mitengo.

Nthano yanga yafika pothera, ndaitula pano. Ukafula, siyako, pakuti njuchi imene watentha lero ndiyo ikadabereketsa dzungu lako la mawa.